Wonola Macheka wa ku Manassas

A Fryson Kambalame anayamba kunola macheka ndevu zikungomera kumene, m'nkhalango ya paini ya ku Chikangawa. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma sukulu itawakanika ali folomu 2, malume awo amene ankayendetsa thirakitala yokoka zipika anawaitanira kumpotoko kuti asamangokhala pamudzi. Poyamba ankasenza matabwa ndi kuwola utuchi. Kenaka mkulu wina wonola macheka, maso atayamba kumuvuta, anawaika pambali pake kuti azimuonera mano a chitsulo. Ntchito inawalowa m'manja momwemo, ndipo sanaphunzirenso ina.

Kumeneko ndi komwe anakumana ndi a Sylvia, namwino wa pa kachipatala ka ogwira ntchito, tsiku lomwe anapita kukachotsetsa kachitsulo m'diso. Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi yekha, Atikonda. Mwayi wa ku America unagwera a Sylvia pa mayere aja a ziphaso zokhalira m'dzikomo. A Fryson mtima sunali kumeneko. Koma nkhalango inali itayamba kuyera ndi moto wolusa chaka ndi chaka, anzawo ambiri anali atabwerera kumudzi, ndipo a Sylvia anangonena mawu amodzi: "Tisaganize za ife, tiganize za mwanayu." Anapakira.

Anafika ku Virginia mu 2006, nakhazikika ku Manassas. A Sylvia anapeza ntchito msanga pa nyumba yosamalira okalamba. A Fryson anazungulira. Anaimikapo magalimoto a anthu pansi pa nyumba zitalizitali za ku Foggy Bottom, komwe dzuwa ankaliona poweruka basi. Anasanjapo katundu m'sitolo, anatchetchapo kapinga wa eni. Zaka zimenezo sankakonda kuzikamba. Wina akawafunsa kutchalitchi kuti akugwira kuti masiku ano, ankati, "Uku ndi uku," n'kuyamba nkhani ya mpira.

Mu 2012 kunawomba chimphepo chomwe chinagwetsa mitengo m'dera lonselo. Patapita milungu ingapo a Fryson anaona lole yodzaza zipika ikudutsa pa mphambano, ndipo m'malo mokhota kupita kwawo anaitsata. Inawafikitsa kunja kwa tauni, pa bwalo lamatope pomwe panali shedi yaikulu, milu ya matabwa, ndi fungo la utuchi wauwisi lomwe linawakumbutsa ku Chikangawa. Mwini malowo anali mzungu wachikulire dzina lake Morton, wosayankhulayankhula, amene ankakana kutchedwa bwana. Ankacheka mitengo yogwa m'makomo mwa anthu. Mitengo yotereyi imakhala ndi misomali, mawaya a mipanda ndi zitsulo zomangirapo zingwe zoyanikira, zonse zitamezedwa m'kati mwa thunthu, choncho macheka ankabuntha tsiku ndi tsiku. Kuseri kwa shedi kunali kachipinda komwe makina onolera ankangochita dzimbiri chifukwa palibe amene anali ndi mtima woima pamenepo. A Fryson anapempha kuti awayese. Lolemba lotsatira anabwera ndi ovolosi yawo.

Macheka a pamenepo sanali owongoka ngati a m'manja. Anali lamba wachitsulo wolumikizana mbali zonse, wa mano mbali imodzi, wautali moti munthu akauimika umamupitirira. Pomunola, lambayo amagonekedwa mozungulira makina. Kachala kachitsulo kamakankha dzino limodzi, mwala wozungulira n'kutsika kulinyambita, n'kukweranso, kachala n'kukankha lina. Wonola amalemba ndi choko pa dzino loyamba, ndipo chokocho chikazungulira n'kubwerera pa mwala amazimitsa makina. Akapanda kuzimitsa, mwala umangopitiriza kudya, mano amatentha mpaka kusanduka obiriwira ngati khosi la nkhunda, ndipo chitsulo chotere chimafewa. Chikangolowa mu mtengo chimabuntha nthawi yomweyo.

Ntchito yonse inali yoima ndi kudikira choko. Ena ikanawapha ndi ulesi, koma a Fryson inawabwezera umunthu. Ankafika m'mawa, n'kupachika jekete pa msomali, n'kuyatsa kawayilesi komwe sankakamvera. Mnzawo wa pantchito anali Mwelwa, bambo wa ku Lusaka wa zaka makumi anayi ndi kenakake, amene ankayendetsa makina ochekera. Awiriwa ankakangana masana aliwonse za amene amayankhula chiyankhulo cholondola.

"Ba Fryson, imwe chinyanja chanu ni cha mu Baibo," ankatero Mwelwa.

"Nanga chako ndi cha kuti? Cha mu minibasi?"

Zaka zimenezo Atikonda anamaliza ku yunivesite, napeza ntchito mu ofesi ina ya zachuma ku Foggy Bottom, pafupi ndi pomwe bambo ake ankaimika magalimoto. Anakwatiwa, nagula nyumba ku Falls Church. A Fryson akamabwera kuntchito, utuchi uli m'makutu ndi m'tsitsi, a Sylvia ankawakalipira kuti avulire pakhomo, koma kukalipa kwake kunali kwa munthu wokhutira.

Chinthu chinayamba mwakachetechete, a Fryson atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Tsiku lina ataima pa makina awo anangozindikira kuti choko chili kutsidya, chikupita. Sanachione chikudutsa. Sanagone, sanatuluke, maso anali pomwepo, koma pakati pa kuyatsa makina ndi nthawi imeneyo panalibe kanthu, ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Anazimitsa, n'kugwira mano. Anali otentha, nsonga zake zitabiriwira. Anaganiza kuti ndi kutopa, poti dzulo lake kunali maliro a Mmalawi wina ku Maryland ndipo anabwerako mochedwa.

Mlungu wotsatira zinachitikanso. Kenaka kawiri tsiku limodzi. Malamba owonongekawo ankawakoleka kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa akale, akudziuza kuti adzawakonza. Ena anawadutsa osawazindikira mpaka kukafika kwa Mwelwa.

"Mudala, ma blade ya manje yavuta," anatero Mwelwa tsiku lina atasuzumira pakhomo. "Nangoyika so, matabwa yabili, yasila, yabuntha."

"Chitsulo cha masiku ano," anayankha a Fryson osatembenuka. "Amangochipanga mothamanga."

Mwelwa anavomera n'kubwerera. A Fryson anatsala akuyang'ana mwala. M'moyo wawo wonse anali asananamizirepo chitsulo.

Anayesa njira zambiri. Anazimitsa wayilesi. Anayesa kuyenda limodzi ndi choko, kuchitsata mozungulira makina ngati nkhuku yotsata chimanga, koma ankapezeka ataima pawindo akuyang'ana milu ya matabwa. Anatchera belu la pa foni, koma likalira ankalizimitsa n'kuiwala chomwe lalilira. Mantha awo aakulu sanali a Morton. Anali oti abwerere kokhala pakhomo, kapena pansi pa nyumba zija zopanda dzuwa.

Nzeru inawabwerera Lamulungu lina m'mawa akuthandiza a Sylvia kuchotsa zovala zantchito mu makina ochapira. Pa bulauzi imodzi panatsalira baji ya dzina, yomwe imagwira nsalu ndi kamaginito kakang'ono koma kamphamvu. Anakamata pa chitseko cha makinawo, n'kukasuntha ndi chala, kosagwa. Anayang'ananso makina oumitsira zovala, amene amaima okha munthu akangotsegula chitseko.

"Amayi a Ati, baji yakale ija yothyoka ilipo?"

"Ili mu dirowa. Mukufuna mukhale namwino?"

"Ndikufuna kachitsulo kakumbuyoko."

Loweruka anapita kumalo otayira zitsulo, n'kukagulula kaswichi ka pa chitseko cha makina oumitsira akutha. Maganizo awo anali osavuta. M'malo mwa choko, pa dzino loyamba azimatapo maginito. Maginitowo aziyenda ndi lamba, ndipo akamaliza kuzungulira azigunda kawaya kopindika komangiriridwa ku swichi, magetsi n'kuduka. Anadula kachitsulo kogwiriza swichiyo, anaboola, anamanga. Anagwira masana onse ali okha m'kachipinda konolera muja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mutu wawo sunawathawe ngakhale kamodzi.

Atayesa, maginito anayenda pang'onopang'ono, dzino ndi dzino, nazungulira, nafika pa kawaya. Makina anati zii. A Fryson anaseka okha. Anatambasula dzanja kuchotsa maginitowo, ndipo atangowanyamula kawaya kanabwerera m'malo mwake, magetsi n'kulowanso. Kachala kanakankha lamba, mano ongonoledwa kumene n'kuwang'amba kuseri kwa dzanja.

Anakulunga ndi sanza n'kuyendetsa galimoto ndi dzanja limodzi. A Sylvia anawakhazika pa mpando wa kukhitchini, natsuka bala, nalimata ndi timapepala tomatira. Manja awo anali ofatsa ngati kale ku Chikangawa. Anamvetsera nkhani yonse ya swichi osadula mawu.

"Zaka zonsezi mwakhala mukuzimitsa nokha," anatero pomaliza, maso ali pa bandeji. "Lero chavuta n'chiyani kuti makina azidzizimitsa?"

"Miyendo. Kuima tsiku lonse kwayamba kundilemera."

A Sylvia anamanga bandeji, naipsinja pang'ono ndi chala chachikulu. Dzanja la amuna awo sanalisiye.

"Chabwino," anatero. "Koma mufunse a Lovemore za magetsizo. Musadzipweteke kawiri."

A Lovemore anali mkulu wa mpingo wawo, wokonza makina oziziritsa m'nyumba. Atamva zomwe zinachitika anapukusa mutu, ndipo Lamulungu lotsatira anabwera ndi kabokosi kotuwa ka mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Anafotokoza ali pa bwalo loimika magalimoto la tchalitchi kuti m'kati mwake muli chogwira magetsi chomwe chikangosiya chasiya. Swichi ikadula, makina sangadzukenso mpaka munthu adine batani lobiriwira ndi chala chake. Anawaonetsa waya wolowa ndi wotuluka, nawabwereza kawiri, a Fryson n'kumata timapepala ta mitundu pa waya aliyense.

Panatsala tina tovuta. Fumbi la chitsulo linkaunjikana pa maginito mpaka kuoneka ngati chinungu, ndiye anawakulunga m'kapulasitiki kuti azingopukuta. Nthawi zina makina ankaima mwala uli pansi, utakanirira pakati pa mano, ndipo anasuntha swichi pang'onopang'ono mpaka inayamba kudula mwala uli m'mwamba. Pofika kumapeto kwa mwezi chinthu chinali chitakhazikika. Lamba ankazungulira kamodzi, n'kuima.

Morton anabwera kudzaona. Anaima manja ali m'thumba mpaka maginito anafika pa kawaya, makina n'kukhala chete. Anawerama, nayang'ana swichi ya makina oumitsira zovala ija, nagwedeza mutu. Ananena m'Chingerezi chake chotafuna kuti ndi nzeru yabwino, ndipo tsopano a Fryson atha kumapinda mano a lamba wina uku winayo akunoledwa. Anawagwira paphewa n'kutuluka. A Fryson anamva kukoma, koma kukomako kunali ndi mchenga. M'chipindamo ndi iwo okha amene ankadziwa chomwe chinthucho anachipangira.

Chinawasunga pantchito chaka chathunthu ndi miyezi ina. Mutu ukawathawa, pobwerera ankapeza makina ataima, lamba ali bwinobwino, ndipo palibe amene ankadziwa kuti anachokapo. Mwelwa anasiya kudandaula. Anafika pobweretsa anzake a ku mashedi ena kudzaona, n'kumanyadira ngati wapanga ndi iye.

Koma chomwe chinkadya a Fryson sichinaime. Anayamba kuiwala kumata maginito, n'kudina batani lamba ali wopanda kanthu. Atawononga awiri anapezanso njira: anakhoma kachitsulo pamwamba pa batani lobiriwira, kuti maginito azikhala pomwepo atalitseka. Munthu sakanadina asanawanyamule, ndipo akawanyamula dzanja linkadziwa lokha kopita nawo. Kunyumba makiyi ankapezeka mu firiji. Mayina a anthu a kutchalitchi anayamba kugwa limodzilimodzi, ndipo onse anasanduka "achimwene" ndi "alongo". A Sylvia ankangotola zomwe zagwa, osanena kanthu. Anayamba kuwaimbira foni masana aliwonse kufunsa ngati adya.

Tsiku lina poweruka, msewu womwe anauyenda zaka khumi unawasandukira wachilendo. Anapitirira pokhotera, nalowa mumsewu waukulu, magalimoto akuwapanikiza mbali zonse, ndipo anangotsata amene anali kutsogolo. Anakaima pa sitolo ina ku Seven Corners, pomwe misewu imakumana ngati mizu ya kachere. Ali m'galimoto momwemo anatulutsa foni. Dzina lomwe analizindikira linali la Atikonda, ndipo anamuimbira.

"Dad, muli kuti?"

"Pali sitolo ya anthu a ku Vietnam. Ndi malo omwetsera mafuta."

"That's five minutes from my house. Mumabwera kuno?"

"Eya," anatero a Fryson. "Ndimati ndikuoneni."

Atikonda anabwera kudzawatenga, nawaphikira tiyi, nawaperekeza mpaka ku Manassas iye ali kutsogolo. Pobwerera anayankhula ndi mayi ake pakhonde motsitsa mawu. A Fryson anamva a Sylvia akuti, "Atopa chabe," ndipo anawathokoza mumtima.

Tsiku lomwe zinaululika kunali kozizira, kumayambiriro kwa Disembala. A Fryson anagoneka lamba pa makina monga mwa masiku onse, nalimbitsa zogwirira, nanyamula maginito pa batani. Ndiye anaima. M'dzanja mwawo munali kanthu kolemera, kokulungidwa m'pulasitiki, kozizira. Anakatembenuza. Anadziwa kuti n'kofunika, kuti kali ndi kwawo, koma kwawoko kunali kutafufutika. Anayang'ana makina, nayang'ana lamba. Zonse zinali zodziwika ngati nkhope ya m'bale amene dzina lake lakana kubwera. Sanadziwe kuti anaima nthawi yaitali bwanji.

Mwelwa analowa kudzatenga lamba wakuthwa, napeza palibe ngakhale mmodzi wokonzeka.

"Ba Fryson, ni chani? Malaiti yayenda?"

A Fryson anatambasula dzanja. "Kodi aka n'ka ndani?"

Mwelwa anayamba kuseka, akuyesa ndi nthabwala, koma atawayang'ana kumaso kuseka kunauma. Anavula magolovesi ake, nawaika pa tebulo.

"Ni kanu, mudala. Munapanga mweka."

"Ine?"

"Imwe. Bwelani, tiyike pamodzi."

Anawagwira dzanja, nalitsogolera pa lamba kuseri kwa dzino loyamba. Maginito anadumphira pa chitsulo n'kumata. Phokoso lakelo linabweza zonse nthawi imodzi, ndipo a Fryson anakhala pansi pa chitini cha mafuta n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mwelwa anadina batani, naima chowafulatira, akuyang'ana lamba mpaka anazungulira n'kuima.

"Usamuuze Morton," anatero a Fryson chipewa chili kumaso.

"Sinizakamba."

Ndipo sanakambe. Kwa milungu ingapo Mwelwa ankapeza zifukwa zolowera m'kachipindamo pafupipafupi, kufuna sipanala, kufuna madzi, kudzawotha. Akapeza zinthu zaima ankaziyambitsa, akuyankhula za mpira. Masiku ena a Fryson ankakhala bwinobwino kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti iwo eni ankakhulupirira kuti zatha.

Mu Januwale, masana ena, anatuluka ndi lamba wonoledwa paphewa kukapereka. Makina ochekera anali akulira, Mwelwa ali mbali ina ya chipika. A Fryson anaona lamba akuthamanga pa mawilo, ndipo china chake chinawauza kuti wazungulira mokwanira, ayenera kuchotsedwa. Anayenda molunjika, dzanja lili kutsogolo. Amene anawaona ndi Morton. Mkulu uja anathamanga ngati mnyamata, nawakoka ndi kolala ya ovolosi mpaka onse awiri anagwera mu utuchi. Mwelwa anazimitsa makina. Pabwalo panangoti zii, kupatula kupuma kwa Morton.

Palibe amene anakalipa. Morton anadzuka, nawasansa utuchi pamsana, napempha nambala ya a Sylvia.

Kuchipatala anapita atatu: a Fryson, a Sylvia ndi Atikonda. Dokotala anali mayi wamng'ono wa mawu ofewa. Anawapempha kuti ajambule wotchi, kuti asunge mawu angapo m'mutu n'kuwabwereza pambuyo pake, kuti anene mwezi. A Fryson anajambula bwalo labwino lozungulira, koma manambala onse anaunjikana mbali imodzi. Panatsatira kujambula mutu ndi kuyeza magazi, ndipo patapita milungu anawaitananso. Dokotala anatchula dzina la matendawo, nanena kuti mankhwala alipo ochedwetsa, koma obweza palibe. Galimoto asiye. Makina asiye.

Pobwerera Atikonda ndiye ankayendetsa, mayi ake ali pambali, a Fryson kumbuyo.

"Mum, you knew," anatero Atikonda. "Mumagwira ndi anthu otere every day. Munadziwa liti?"

"Kalekale. Asanadzicheke dzanja."

"Ndiye munangokhala chete? Akanafa pa makina paja."

"Ndikudziwa."

"Then why?"

A Sylvia anayang'ana kunja. "Ndimawasambitsa anthu amenewa, Ati. Ndimawadyetsa. Ndimadziwa mmene amathera akangowachotsa pa chomwe amadziwa. Ndinkati agwireko mwezi wina, kenaka wina. Mwina ndinalakwa."

"Munalakwa, Mum."

"Mwina."

A Fryson ankamva zonse. Ankafuna kunena kuti mayiyu asadzudzulidwe, kuti wobisa anali iwo, koma pomwe ankasanja mawu galimoto inali itakhota kale ndipo nkhani inali pa mankhwala.

Ku shedi kwa Morton a Fryson anapitako kamodzi kukatenga jekete ndi kawayilesi. Morton anali atawakonzera thabwa lalikulu la mtengo wakuda, losalala, loti likhale tebulo, ndipo analikweza yekha m'galimoto ya Atikonda. Kenaka anawagwira dzanja nthawi yaitali. M'kachipinda muja makina anali akuyenda opanda munthu, Mwelwa ali kunja pa chipika. Morton sanalembe wonola wina. Mwelwa ankagoneka lamba, n'kudina batani, n'kupita kukacheka. A Fryson anaima pakhomo kumvetsera mwala ukutsika ndi kukwera.

"Ukudya kwambiri," anauza Mwelwa. "Ubweze pang'ono."

Mwelwa anabweza, ndipo kulira kwa mwala kunafewa. Ndi malangizo omaliza omwe anapereka pa ntchito yawo.

Nkhani yobwerera kumudzi inakambidwa ndipo inafera m'malere. Abale a ku Ntcheu ankati abwere, mphepo ya kwawo iwachiza. A Sylvia ankafunsa kuti akawasamala ndani, poti malume aja ndi alongo awo onse anapita kale, ndipo nyumba yomwe anayamba kumanga inaima pa mawindo. Mapeto ake anasiya nyumba ya ku Manassas n'kusamukira m'zipinda zapansi kwa Atikonda ku Falls Church. A Sylvia anachepetsa masiku antchito, kenaka anasiyiratu.

Chingerezi ndicho chinayamba kuchoka. Mkamwini wawo, munthu wa ku Ohio woleza mtima, ankawapatsa moni m'mawa iwo n'kumuyankha m'Chichewa, nthawi zina m'Chitumbuka chomwe anatola ku Chikangawa ndipo anali asanachiyankhule zaka zambiri. Anawayesa kumalo kosamalira okalamba masana, koma kumeneko palibe amene ankawamva, ndipo ankangokhala pafupi ndi chitseko jekete lili pamiyendo. Anawasiyitsa. A Lovemore ankabwera ndi anthu a mpingo kudzaimba nyimbo, ndipo nyimbozo a Fryson ankaziimba zonse osaphonya mawu. Mwelwa ankabwera Loweruka lina ndi lina. Poyamba ankakangana monga kale. Kenaka a Fryson anayamba kumulandira mwaulemu ngati mlendo wochokera kutali, kumufunsa za ulendo ndi za mvula kwawo, ndipo Mwelwa ankayankha zonse bwinobwino. Akatuluka ankakhala kaye m'galimoto asanailize.

Masiku ano a Fryson amadzuka m'mamawa nyumba yonse isanadzuke. Amavala okha, ngakhale mabatani amasemphana, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kumanga zingwe za nsapato zawo zantchito. Akamaliza amafunafuna makiyi pa tebulo. A Sylvia amadzuka, n'kukhala pambali pawo.

"Mukupita kuti, abambo a Ati?"

"Kuntchito. Ndachedwa."

"Lero ndi Lamulungu."

A Fryson amawayang'ana mokayika. "Lamulungu?"

"Eya. Kulibe munthu kumeneko. Vulani, ndikupangireni tiyi."

Amakhala kaye pang'ono, kenaka amawerama n'kuyamba kumasula zingwe. A Sylvia amanena zimenezi tsiku lililonse, ndipo pa masiku asanu ndi awiri limodzi lokha ndi lomwe sanama.